Nyangu, Tsinde la Mbumba ya Amaravi

Pa mayina onse amene Achewa anasunga kuchokera m'masiku a makolo, palibe dzina la munthu wamkazi lolemera kuposa la Nyangu. Mafumu otchedwa Kalonga analowana m'malo kwa zaka mazana angapo, ena ankhondo, ena amalonda, ena ofatsa, koma mwambo unkafuna kuti aliyense wa iwo, asanakhale pampando, adziwike kuti anatuluka m'mimba mwa Nyangu kapena mwa mwana wamkazi wa bele lawo. Mwamuna ankalamulira dziko, koma mayi ndiye ankabala ufumu. Pachifukwa ichi, wofuna kumvetsa mbiri ya Achewa a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, pamodzi ndi abale awo a ku Zambia ndi Mozambique, ayenera kuyambira pa mayi ameneyu.

Mbiri ya Nyangu inayenda pakamwa pa nkhalamba, m'mabwalo ndi m'mphala, mibadwo yambiri isanalembedwe papepala. Mmodzi mwa anthu oyamba kuisonkhanitsa m'Chichewa anali mphunzitsi Samuel Josia Ntara, amene anabadwa mu 1905. Iye anafunsa akuluakulu a m'midzi ya m'chigawo chapakati, ndipo zimene anamva anazilemba m'buku la Mbiri ya Achewa limene linatuluka m'zaka za m'ma 1940. Bukuli linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973. Pambuyo pake akatswiri ena monga Harry Langworthy, Matthew Schoffeleers ndi Kings Phiri anafufuza nkhani zomwezi m'mayiko atatu onse a Achewa. Ngakhale kuti nkhalamba za madera osiyanasiyana zinkasiyana pa zina, pa Nyangu zinkakumana: iwo ndiwo tsinde la banja lachifumu la a Phiri.

Kuchokera ku Uluwa

Makolo amati Nyangu anachokera ku Uluwa, dziko la Aluba, m'chigawo cha Katanga m'dziko limene lero likutchedwa Democratic Republic of Congo. Kumeneko ndiko kunanyamuka gulu la anthu lotsogozedwa ndi Kalonga, amene mbiri yosungidwa kwa Gawa Undi imamutchula kuti Mazizi. Nkhalamba zina zimati Nyangu anali mayi wake wa Kalonga woyambayo, zina zimati anali mlongo wake. Kwa Mchewa mawu awiriwa sakutsutsana kwenikweni, pakuti mlongo wa mfumu ya lero ndiye mayi wa mfumu ya mawa.

Ulendowo sunali wa mwezi umodzi kapena chaka chimodzi. Anthu ankayenda, n'kuima pamalo, n'kumanga misasa, n'kulima, n'kukolola, kenako n'kunyamukanso. Paulendo wotere amuna ankatsogola ndi mikondo ndi nkhwangwa, koma moyo wa mtundu unali m'mitolo ya akazi. Iwo ndiwo ankasenza mbewu za mapira ndi mawere, pakuti chimanga chinali chisanafike kuno. Chinabwera pambuyo pake kuchokera ku America kudzera mwa amalonda a kunyanja yamchere. Akazi ndiwo ankaumba miphika pamalo patsopano paliponse, kubereka makanda kumsana, kusamalira odwala ndi kulanga atsikana amene ankakula ali panjira. Pakati pa akazi onsewa, wamkulu anali Nyangu.

Malo amodzi amene mbiri imawatchula kwambiri paulendowu ndi Choma. Makolo amati anthu anakhalitsa pamenepo, ndipo nthano ina imati ndi pomwe mifunda iwiri ikuluikulu inapezera mayina: amene anagona pamwamba pa phiri anatchedwa a Phiri, ndipo amene anabanda udzu m'tsinde mwa phirilo kuti apeze pogona anatchedwa a Banda. Akatswiri ambiri a mbiri amaona kuti a Banda anafika m'dziko muno kale a Phiri asanabwere, ndipo kuti a Phiri anafika cha m'zaka za m'ma 1400. Onsewa anapeza anthu aafupi msinkhu, Akafula kapena kuti Abatwa, amene anasiya zojambula zofiira m'mapanga monga a ku Chongoni ku Dedza.

Pa Mankhamba

Ulendo unathera kufupi ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi, pa Mankhamba, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu pafupi ndi Mtakataka. Kumeneko ndi ku Manthimba ndiko kunakhazikika likulu la ufumu wa Maravi. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anakumba pamalowa ndipo anapeza mapale a miphika ochuluka, zitsulo, mkuwa, minyanga ya njovu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ngakhalenso zidutswa za mbale za ku China. Zimenezi zikuchitira umboni zimene nkhalamba zinkanena, kuti Mankhamba unali mudzi waukulu wodziwika kwa amalonda akutali.

Ufumu umenewu unaima pa mgwirizano wa mifunda. A Phiri anatenga mpando wolamulira. A Banda, amene ankadziwa nthaka ndi mizimu yake, anasunga nsembe za mvula. Pambali pa Kalonga panali akazi awiri amphamvu. Wina anali Mwali, mkazi wamkulu wa mfumu, wochokera kwa a Banda, amene ankayang'anira za kachisi. Wina anali Nyangu. Ana a Mwali, potsata mfunda wa mayi wawo, anali a Banda, choncho sakanalowa ufumu wa bambo wawo. Wolowa m'malo mwa Kalonga ankachokera m'nyumba ya Nyangu basi. Kutali pang'ono, ku Msinja m'mphepete mwa mapiri a Dzalanyama, kunali mayi wachitatu, Makewana, amene dzina lake limatanthauza mayi wa ana, wopempha mvula m'malo mwa mtundu wonse. Motero ufumu wa Maravi, umene alendo ankaudziwa ndi mayina a amuna, unatsamira pa akazi atatu monga mphika pa mafuwa.

Udindo wa Nyangu unali wa mayi aliyense wamkulu wa mbumba, koma wokulira dziko lonse. Iwo ndiwo ankadziwa kuti uyu anabadwa kwa yani, bele lalikulu ndi liti, laling'ono ndi liti. Ankaona anyamata a banja lachifumu kuyambira ali kumsana, n'kudziwa wofatsa ndi waukali, wopatsa ndi woumira, womva malangizo ndi wamwano. Mfumu ikamwalira, nduna zinkakhala upo, koma sizikanalonga munthu popanda mawu a azimayi a m'banjamo, ndipo pakati pa azimayiwo mawu olemera anali a Nyangu. Mfumu yolongedwa kale, imene anthu onse ankaiombera m'manja, inkakhalabe mwana pamaso pa mayi ameneyu, ndipo iwo ankatha kuidzudzula kuseri pamene wina aliyense sakanayerekeza.

Ana ndi adzukulu a m'nyumba imeneyi ndiwo ankatumidwa kukagwira madera atsopano. Kalonga ankawapatsa dziko ndi mphamvu zoweruza milandu, iwo n'kumatumiza mitulo ku likulu: minyanga ya njovu, zikopa za mikango ndi akambuku, makasu ndi zakudya. Chingwe chomanga madera onsewa chinali ubale. Mfumu ya kutali inkamvera Kalonga pomudziwa kuti ndi mtsibweni wake kapena mkulu wake, mwana wa tsinde limodzi.

Kupatukana kwa ana

Mayi wa ana ambiri sasowa misozi, ndipo mbiri siibisa kuti m'nyumba ya Nyangu munabuka mikangano. Kaphwiti ndi Lundu, a mfunda womwewo wa Phiri, anachoka ndi anthu awo n'kutsikira ku chigwa cha Shire, kumene zidzukulu zawo zinadzatchedwa Amang'anja. Koma kupatukana kumene kunagwedeza ufumu kwambiri kunali kwa Undi, m'bale wake wa Kalonga. Makolo amati mpando utakhala wopanda munthu, Undi ankayembekeza kuulowa, koma akuluakulu anasankha wina. Atakhumudwa, iye ananyamuka kulowera kumadzulo, ndipo anakamanga likulu lake ku Mano, m'dera la mtsinje wa Kapoche, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Akatswiri a mbiri amaika ulendowu cha m'zaka za m'ma 1500.

Pochoka, Undi anatenga chinthu choposa ng'oma kapena mpando: anapita ndi Nyangu pamodzi ndi akazi a banja lachifumu. Apa mayi anakumana ndi chisankho chowawa kuposa zonse, chotsala ndi mwana mmodzi kapena kutsagana ndi mnzake, ndipo mbiri imati Nyangu anapita ku Mano. Zotsatira zake zinali zazikulu. Ku Mankhamba kunatsala mpando ndi dzina la Kalonga, koma mimba yobala mafumu inali kwa Undi. Kuyambira pamenepo olowa ufumu wa Kalonga ankayenera kufunidwa kwa Undi, ndipo nyumba ziwirizi, ngakhale zinasiyana mokwiya, sizikanatha kutayana. Kumene kunali mayi ndiko kunali kwawo kwa onse.

Ufumu wa Maravi unapitirira kukula. M'zaka zoyambirira za m'ma 1600 Apwitikizi analemba za mfumu yamphamvu yotchedwa Muzura, imene Gaspar Bocarro anaichezera mu 1616 paulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, ndiponso imene inagonjetsa Lundu mu 1622. Koma m'kupita kwa nthawi likulu la ku Mankhamba linayamba kufooka. Olemba mbiri amatchula zifukwa zingapo, monga mafumu ang'onoang'ono amene anayamba kuchita okha malonda a minyanga osadzera ku likulu. China mwa zifukwazo ndi chakuti mpando unatalikirana ndi nyumba ya Nyangu, ndipo mikangano ya ulowam'malo inachuluka. Kalonga womaliza wa kumeneko, Sosola, anaphedwa m'zaka za m'ma 1860 pa nkhondo ndi Ayao. Nyumba ya Undi, imene inasunga Nyangu, ndiyo inapulumuka, ndipo ndiyo ikusunga dzina la Kalonga mpaka lero.

Moyo wautali wa dzina limodzi

Womva mbiri imeneyi angadabwe kuti mayi mmodzi ananyamuka bwanji ku Uluwa, n'kukhala pa Choma, n'kufika pa Mankhamba, n'kudzapitanso ku Mano, pamene pakati pa zochitikazi panadutsa mibadwo. Yankho lili m'mwambo wa Achewa wolowa dzina. Munthu waudindo akamwalira, wolowa m'malo mwake amatenga dzina lake, ubale wake ndi mbiri yake yomwe, kotero kuti amene womwalirayo ankawatchula kuti ana ake, wolowayo amawatchulanso kuti ana ake. Nyangu woyamba atagona, mwana wamkazi wa m'bele lawo anakhala Nyangu, ndipo pambuyo pake mdzukulu. Nkhalamba pofotokoza sizinkawerenga kuti woyamba, wachiwiri, wachitatu. Kwa izo Nyangu anali mmodzi, mayi amene sanasiye ana ake.

Umu ndi mmene moyo wa mayi wa ku Uluwa unatalikira kuposa wa munthu wina aliyense m'mbiri ya Achewa. Thupi linaikidwa m'manda monga la munthu aliyense, koma udindo sunalowe m'manda. Pamene António Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi, ankadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa mu 1831 ndi 1832 popita kwa Kazembe, anapeza ufumu wa Undi ulipo. Pamene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire mu 1891, n'kugawa Achewa m'mayiko atatu, mzere wa pamapu unadula minda ndi mitsinje, koma sunathe kudula bele.

Mbumba m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

M'midzi ya kwa Msakambewa, Dzoole, Kayembe, Chakhaza, Mkukula ndi Mponela ku Dowa, ndiponso ya kwa Kalumo, Chikho, Kasakula, Nthondo, Chilooko ndi Malenga ku Ntchisi, chitsanzo cha nyumba ya Nyangu chimaoneka m'mudzi uliwonse wakale. Mudzi wa Chichewa umayambira pa mayi mmodzi, tsinde, amene ana ake aakazi amamanga nyumba mozungulira iye. Mwana aliyense wamkazi amakhala bele lakelake. Alongo awo aamuna amakhala nkhoswe, oyang'anira mbumba pa maukwati, pa matenda, pa milandu ndi pa maliro. Mwamuna wokwatira amabwera kudzakhala mkamwini, ndipo ngakhale atatenga mkazi wake pa chitengwa, ana amadziwabe kuti kwawo ndi kwa amayi awo. Nyakwawa ikamwalira, azimayi aakulu a m'banjamo ndiwo amaloza woyenera kulowa dzina. Zimene Nyangu ankachitira dziko lonse pa Mankhamba, agogo a ku Nambuma, ku Madisi ndi ku Malomo amachitira mudzi umodzi.

Dongosolo limeneli linayesedwa koopsa m'zaka za m'ma 1800. Angoni a Chiwere Ndhlovu anakhazikika m'mapiri a kum'mawa kwa Dowa, ndipo ku Nkhotakota kunali Jumbe ndi malonda ake a akapolo ndi minyanga. Midzi yambiri inapasuka. Anthu ena anamanga malinga, ena anathawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. Angoni ankatsata mtundu wa bambo ndipo ankalowola ndi ng'ombe. Komabe iwo anakwatira akazi a Chichewa, ndipo ana obadwa m'mabanjawo anayamwa chilankhulo cha amayi awo. Patangopita mibadwo yochepa, m'midzi ya kwa Chiwere anthu ankalankhula Chichewa. Nthungo inagonjetsa dziko, koma chinenero chimene chinatsala pakhomo chinali cha mayi.

Kenako kunabwera amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa. A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anatsegula Mvera mu 1889, ndipo Kongwe inatsegulidwa mu 1894. Sukulu ndi tchalitchi zinabweretsa kuwerenga ndi kulemba, zinatsutsananso ndi gule ndi chinamwali. Koma mpingo womwewo unadzaona kuti mtsikana wa Chichewa sangakule popanda malangizo a azimayi aakulu, ndipo unakhazikitsa chilangizo chachikhristu choyendetsedwa ndi alangizi aakazi. Msonkho wa atsamunda ndi ulendo wa ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Johannesburg zinachotsa amuna ambiri m'midzi, ena kwa zaka, ena mpaka kalekale. Amene anatsala akulima minda, kulera ana ndi kusunga manda anali azimayi a mbumba. Mtchona wobwerera atakalamba ankapeza pofikira chifukwa chakuti mlongo wake sanachoke pa nthaka ya amayi awo.

Nyangu pa Mkaika

M'zaka za m'ma 1930 Undi anachoka ku Mozambique n'kukakhala m'dera la Katete ku Zambia, ndipo lero likulu la Kalonga Gawa Undi lili pa Mkaika. Mayina atatuwa ali ndi tanthauzo: Kalonga ndi wolonga mafumu, Gawa ndi wogawa dziko, Undi ndi wofungatira anthu ake. Mwambo wa Kulamba, umene boma la atsamunda linauletsa mu 1934, unayambiranso mu 1984 m'nthawi ya Kalonga Gawa Undi X, ndipo umachitika Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti. Mafumu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amapita kukapereka ulemu ndi mitulo, ndi kukafotokoza za moyo wa anthu awo. Mu 2007 atsogoleri a mayiko atatuwa, Bingu wa Mutharika, Levy Mwanawasa ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa mwambowu. Pa bwalo limenelo, pamene Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, akufumbitsa fumbi, ndipo anamwali akuvina pamaso pa anamkungwi awo, pamakhala malo aulemu a mayi wa dzina la Nyangu. Kalonga Gawa Undi XI, amene analongedwa mu 2004, anafika pampando kudzera m'njira yomwe ija ya kuchikazi.

Cholowa chimene chili pachiswe

Masiku ano mbumba ikukumana ndi mayeso amene alibe mikondo. Anthu achuluka ndipo minda yachepa. Nthaka imene kale inkadziwika kuti ndi ya bele lakutilakuti yayamba kugulitsidwa, nthawi zina ndi nkhoswe yomwe inayenera kuiteteza, azimayi eni ake osafunsidwa. Mabanja ambiri akukhala m'matauni, kumene mwana amakula akudziwa dzina la bambo ake lokha, osadziwa mfunda wa amayi ake kapena mudzi umene agogo ake anaikidwa. Milandu ya ufumu, imene kale inkathera m'nyumba ya azimayi aakulu, tsopano imafika kukhoti, abale n'kumatsutsana za amene anabadwa ku bele lalikulu, chifukwa chakuti nkhalamba imene inkadziwa mzere wonse inamwalira popanda woifunsa.

Mbiri ya Nyangu ili ndi phunziro pa zonsezi. Ufumu wa ku Mankhamba unali ndi minyanga, mikanda ndi ankhondo, koma utatalikirana ndi mayi wake unayamba kugwedezeka. Nyumba imene inasunga mayi ndiyo ilipo lero. Zimenezi n'zoona kwa mudzi wa nyumba khumi monga zinalili kwa ufumu wofika kunyanja yamchere. Banja limene limakhala pansi ndi agogo aakazi akadali moyo, n'kulemba mayina a mabele ake, malire a minda yake ndi malo a manda ake, limadzitchinjiriza ku milandu ya mawa. Mtsibweni amene amateteza munda wa mlongo wake wamasiye, ndiponso amene amaonetsetsa kuti mwana wamkazi wa mlongo wakeyo wamaliza sukulu asanalowe m'banja, akugwira ntchito imene makolo anaikira unkhoswe.

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi muli azimayi ambiri okalamba, a Naphiri, a Nabanda, a Nambewe ndi a Nankhoma, amene mayina awo sadzalembedwa m'buku lililonse. Analera ana awo, n'kuleranso adzukulu amasiye, ndipo akafunsidwa amatha kutchula mzere wa amayi awo mpaka mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi. Ulemu umene mtundu umapereka kwa Nyangu pa bwalo la mwambo ndi wawonso, ndipo malo oyenera kuuperekera ndi pakhonde pawo, iwo akadali ndi mphamvu zofotokoza.